Momwe Mungalondolere Moyo ndi Banja la Jean, Duke wa Berry, Popanda Kusokonezeka

Aliyense amene anayesapo kuwerenga mbiri ya dziko la France ya pakati pa 1350 ndi 1420 amalidziwa vuto limene limamupeza asanafike patali: mayina ndi omwewomwewo, maudindo amasinthasintha, ndipo munthu mmodzi amatchulidwa ndi dzina la dera lina pa tsamba ili, kenaka ndi dzina la dera linanso pa tsamba lotsatira. Njira imene ndaona kuti imathandiza ndiyo kusankha munthu mmodzi amene anakhala pakatikati pa zochitikazo, n'kulondola banja lake mosamala mpaka aliyense atakhala pamalo pake. Pa ntchito imeneyi palibe woyenera kuposa Jean, duke wa Berry, amene anabadwira ku Vincennes pa 30 Novembala 1340 ndipo anamwalira ku Paris pa 15 Juni 1416. Iye anali mwana wa mfumu, mng'ono wa mfumu, komanso bambo wamng'ono wa mfumu, koma sanakhalepo pampando wachifumu. Chimene ndikufuna muchigwire kuyambira pachiyambi n'chakuti banja lotere silimveka mukamangolondola ana aamuna. Muyenera kulondola ana aakazi pamodzi ndi madera amene banjalo linkalamulira, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Pezani pepala lalikulu ndi pensulo, osati cholembera cha inki, pakuti mudzafufuta kambirimbiri. Musanalembe kanthu, sankhani kalembedwe kamodzi ka mayina ndipo musakasinthe. Mabuku a Chingerezi amati John, Joan ndi Philip pamene a Chifalansa amati Jean, Jeanne ndi Philippe, ndipo mukasakaniza ziwirizi mudzapezeka kuti munthu mmodzi mwamulemba kawiri. Ine ndimasankha a Chifalansa chifukwa ndi amene eni ake ankaitanirana. Pansi pa dzina lililonse lembani zinthu zitatu zokha: dera limene munthuyo ankadziwika nalo, chaka chobadwa ndi chaka chomwalira. Udindo wa duke unali waukulu kwambiri pansi pa mfumu, wa count unali wotsikirapo, ndipo munthu mmodzi ankatha kukhala duke wa dera ili komanso count wa dera lina pa nthawi yomweyo. Pofufuza pa intaneti, nthawi zonse phatikizani chaka cha 1340 ku dzina lake, chifukwa udindo wa duke wa Berry unapatsidwanso kwa anthu ena ambiri m'zaka zotsatira, kuphatikizapo mng'ono wa mfumu Louis XI mu 1461 ndi mnyamata amene pambuyo pake anadzakhala mfumu Louis XVI.

Pamwamba pa pepalalo lembani makolo. Bambo ake anali Jean II, amene anakhala mfumu mu 1350, ndipo mayi ake anali Bonne wa ku Luxembourg, mwana wa mfumu yakhungu ya ku Bohemia imene inaphedwa pa nkhondo ya ku Crécy mu 1346. Musamulembe Bonne kuti anali mkazi wa mfumu yolamulira, pakuti anamwalira mu 1349, nthawi ya mliri waukulu, mwamuna wake asanalowe ufumu. Pansi pawo lembani ana aamuna anayi motsatana: Charles, amene anadzakhala Charles V, wobadwa mu 1338, Louis wa Anjou, 1339, Jean wathuyu, 1340, ndi Philippe wa Burgundy, 1342. Musiye mpata waukulu pakati pa mayina anayiwa, chifukwa mikangano yonse ya zaka 60 zotsatira inachokera mwa iwo ndi mwa ana awo. Anayiwa anali pa nkhondo ya ku Poitiers mu 1356, pamene Angerezi anagwira bambo awo. Atatu aakuluwo anachotsedwa pabwalo la nkhondo, koma Philippe, wa zaka 14 zokha, anatsala pambali pa bambo ake mpaka onse anagwidwa. Pangano la ku Brétigny la 1360 litamasula mfumuyo, Jean anali mmodzi wa anthu amene anatumizidwa ku England ngati chikole cha dipo, ndipo anakhala kumeneko zaka zingapo.

Pamenepa chilankhulo chathu chimatipatsa mwayi umene owerenga ambiri alibe, ndipo ndikukulimbikitsani kuugwiritsa ntchito. Mabuku a ku Ulaya amangonena kuti Charles V atamwalira mu 1380, mwana wake Charles VI, amene anali asanakwanitse zaka 12, analamuliridwa ndi achibale anayi amene onse amatchulidwa ndi liwu limodzi, limene m'Chingerezi ndi "uncle". Koma anayiwo sanali ofanana. Louis wa Anjou, Jean wa Berry ndi Philippe wa Burgundy anali abambo aang'ono a mfumuyo, pakuti anali ang'ono ake a bambo ake. Wachinayi, Louis II wa Bourbon, anali malume ake, mlongo wa mayi ake Jeanne wa Bourbon. Kusiyana kumeneku n'kofunika kwambiri, chifukwa ku France ufumu unkadutsa mwa amuna okha, monga momwe zinakhazikitsidwira mu 1316 ndi mu 1328, choncho abambo aang'onowo anali pafupi ndi mpando kuposa malumeyo. Pa pepala lanu lembani mawu athu enieni, monga bambo wamng'ono, malume, msuweni, mkamwini, mpongozi ndi mdzukulu, ndipo mudzaona kuti ubale umene unkaoneka wosokonekera ukuyamba kuoneka bwino.

Chotsatira ndicho kulemba madera. M'mbali mwa pepala siyani danga la madera okha, ndipo pa dera lililonse lembani momwe linabwerera kwa Jean. Mu 1360 bambo ake anamupatsa Berry ndi Auvergne monga gawo limene Afalansa ankalitcha apanage. Limeneli linali dera limene mfumu inkapereka kwa mwana wake wamwamuna wosalowa ufumu kuti azidyerapo, koma pa lamulo lakuti ngati mzere wake wa ana aamuna watha, deralo libwerere kwa mfumu. Poitou inali yake kuyambira kale, inapita m'manja mwa Angerezi ndi pangano la 1360, ndipo inabwereranso kwa iye nkhondo itayambiranso mu 1369. Lamulo lobweza derali muliike m'mutu, chifukwa likufotokoza chimene chinkamuchititsa Jean kudera nkhawa kwambiri za maukwati a ana ake aakazi.

Tsopano mwafika pa msampha waukulu, umene ndi mayina obwerezabwereza. M'banja limeneli muli a Jean osachepera asanu ndi mmodzi: bambo ake, iye mwini, mwana wake amene anali count wa Montpensier, apongozi ake Jean I wa Armagnac, mkamwini wake Jean I wa Bourbon, ndi Jean wa Burgundy, mwana wa mng'ono wake Philippe. Akazi ake onse awiri anali a Jeanne. Dzina la Bonne linayenda mibadwo itatu: mayi ake, mwana wake wamkazi, ndi adzukulu ake awiri, Bonne wa Armagnac ndi Bonne wa Artois, amene anali ana a ana ake aakazi osiyana. Musalembe dzina lililonse lopanda dera lake, ngakhale mukuganiza kuti simungaiwale. Ndipo mukawerenga m'buku kuti "Bourbon" kapena "Burgundy" anachita zakuti, yang'anani kaye chaka, chifukwa Burgundy wa 1400 ndi Philippe pamene wa 1407 ndi mwana wake Jean, ndipo Bourbon wa 1405 ndi Louis II pamene wa 1415 ndi mwana wake.

Mu 1360 Jean anakwatira Jeanne wa Armagnac, wochokera ku banja lamphamvu la kummwera kwa France. Ana awo aamuna onse anamwalira bambo awo ali moyo, ndipo palibe anasiya mwana wolowa m'malo mwake. Alembeni pa pepala, ikani chizindikiro chosonyeza kuti mzere wawo unathera pomwepo, ndipo musachedwepo. Malo ambiri muwasungire ana aakazi awiri, Bonne ndi Marie.

Bonne anakwatiwa koyamba ndi Amédée VII, count wa Savoy, amene anamwalira mu 1391, ndipo mwana wawo Amédée VIII ndiye anadzakhala duke woyamba wa Savoy mu 1416. Munthu yemweyu mudzamupezanso m'mbiri ya mpingo ndi dzina la Felix V, pamene msonkhano wa ku Basel unamusankha kukhala papa wopikisana naye wa ku Rome mu 1439. Ukwati wachiwiri wa Bonne ndi umene muyenera kuulemba mosamala kwambiri. Mu 1393 anakwatiwa ndi Bernard VII, count wa Armagnac, amene anali mwana wa malume ake, ndiye kuti msuweni wake weniweni. Kokani mzere wochokera kwa Jean I wa Armagnac wopita mbali ziwiri, wina kudzera mwa mwana wake wamkazi Jeanne kufika kwa Bonne, wina kudzera mwa mwana wake wamwamuna Jean II kufika kwa Bernard, ndipo mizere iwiriyo ikumane pa ukwatiwo. Pamenepo mudzaona ndi maso anu kuti mgwirizano wa Berry ndi Armagnac unamangidwa kawiri, m'mibadwo iwiri yotsatana.

Marie anakwatiwa katatu, ndipo mbiri yake imandikhudza kuposa ya wina aliyense m'banjali. Mwamuna wake woyamba, Louis wa Châtillon, mwana wa count wa Blois, anamwalira mu 1391. Wachiwiri, Philippe wa Artois, count wa Eu, anapita kukamenyana ndi Aturuki, anagwidwa pa nkhondo ya ku Nicopolis mu 1396, ndipo anafera m'ukapolo chaka chotsatira. Wachitatu anali Jean wa Bourbon, amene anamukwatira mu 1400. Pa ukwati umenewu duke wa Berry anapeza chilolezo chapadera cha mfumu chakuti Auvergne isabwerere kwa mfumu iye akadzamwalira, koma ipite kwa Marie ndi ana ake. Bwererani ku danga lanu la madera ndipo kokani mzere wochoka pa Auvergne wopita ku banja la Bourbon. Mzere umodzi umenewo ukufotokoza momwe banja la Bourbon linakulira kukhala lamphamvu kwambiri pakati pa France m'zaka zotsatira, ndipo simungauone konse ngati pa pepala lanu munangolemba ana aamuna.

Jeanne wa Armagnac atamwalira, Jean anakwatiranso mu 1389. Mkazi wachiwiriyu, Jeanne wa Boulogne, anali mtsikana wa zaka pafupifupi 12 amene analeredwa ku Orthez kwa Gaston Fébus, count wa Foix, pamene mwamunayo anali ndi zaka 48. Lembani zaka zawozo monga zilili ndipo musazibise pofuna kumukometsera, chifukwa zikuonetsa poyera kuti chimene chinkafunidwa pa ukwatiwo chinali cholowa cha mtsikanayo, madera a Boulogne ndi gawo lina la Auvergne. Sanabereke mwana aliyense. Koma mtsikana ameneyu anachita chinthu chimene sichinaiwalike. Pa 28 Januwale 1393, m'nyumba yachifumu ya Saint-Pol ku Paris, mfumu Charles VI ndi anzake asanu anavala zovala zopakidwa phula ndi kumatidwa ulusi kuti avine ngati anthu a m'nkhalango. Muuni umene unali m'manja mwa Louis wa Orléans, mng'ono wa mfumu, unayatsa zovalazo, ndipo anayi mwa ovinawo anafa ndi mabala a motowo. Jeanne, amene anali ndi zaka pafupifupi 15, anafunditsa mfumuyo ndi nsalu yaitali ya chovala chake ndipo anaipulumutsa.

Tsiku limenelo likutiphunzitsanso za msampha wa zaka. Pa nthawiyo ku France chaka chatsopano cha zolembedwa za boma chinkayamba pa Pasaka, osati pa 1 Januwale, ndipo lamulo losamutsira chiyambi cha chaka pa 1 Januwale linabwera mu 1564. Choncho mlembi wa nthawi imeneyo ankaona kuti Januwale wa moto uja anali akadali m'chaka cha 1392. Mukapeza mabuku awiri akusiyana ndi chaka chimodzi pa chinthu chimene chinachitika pakati pa Januwale ndi Epulo, musafulumire kunena kuti lina lalakwitsa. Yang'anani ngati mlembiyo watsatira kawerengedwe kakale kapena katsopano, ndipo pa pepala lanu gwiritsani ntchito katsopano kokha. Pa nkhaniyi kusamala n'kofunika kwambiri, chifukwa matenda a misala anamuyamba Charles VI mu Ogasiti 1392 pafupi ndi Le Mans, ndipo wosadziwa za kawerengedwe kakale angaganize kuti moto uja unachitika matendawo asanayambe, pamene zoona n'zakuti unachitika miyezi isanu pambuyo pake.

Mukafika pano, liyeseni pepala lanu ndi nkhondo yapachiweniweni kuti muone ngati likugwira ntchito. Pa 23 Novembala 1407 Louis wa Orléans anaphedwa m'msewu wa ku Paris molamulidwa ndi Jean wa Burgundy. Mabuku ambiri amawatcha asuweni, koma m'chilankhulo chathu awiriwa ndi pachibale, ana a munthu ndi mng'ono wake, ndipo duke wa Berry anali bambo wamng'ono wa wophedwayo komanso bambo wamkulu wa wakuphayo. Poyamba anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo, koma mu 1410 analowa m'pangano la ku Gien lotsutsa Burgundy. Funso loti mudzifunse ndi ili: n'chifukwa chiyani gulu lomenyera ana a Louis wa Orléans linkatchedwa la Armagnac? Yankho lili pa pepala lanu. M'chaka chomwecho cha 1410 Charles wa Orléans, mwana wa wophedwa uja, anakwatira Bonne wa Armagnac, mwana wa Bernard VII, ndipo Bonneyo analinso mdzukulu wa duke wa Berry. Mtsogoleri wa gululo anali mkamwini wa Jean, mnyamata womenyeredwayo anali mwamuna wa mdzukulu wake, ndipo mkamwini wake winayo, Jean wa Bourbon, anali mbali yomweyo. Ngati mungathe kuloza anthu onsewa ndi chala popanda kutsegula buku, ndiye kuti ntchito yanu ikuyenda bwino. Nkhondoyo inamufikira Jean pakhomo mu 1412, pamene asilikali a mfumu ndi a Burgundy anazinga mzinda wake wa Bourges.

Pofuna kumudziwa munthuyo mwini, siyanitsani mitundu ya umboni. Olemba mbiri a nthawi yake, monga Jean Froissart, amasimba nkhani mokoma, koma aliyense anali ndi bwana womudyetsa ndi mbali imene ankaikonda. Zolembedwa za m'nyumba ya duke sizikoma kuwerenga koma n'zodalirika pa zimene zikunena, makamaka makaundula a katundu wake amene wosunga chuma chake, Robinet d'Estampes, ankalembamo miyala ya mtengo wapatali, mabuku ndi ziwiya zagolide. Werengani mitundu iwiriyi pamodzi, ndipo musalole kukongola kwa katunduyo kukutsekani m'maso. Jean anali woimira mfumu ku Languedoc, ndipo misonkho imene ankasonkhetsa kumeneko inasautsa anthu mpaka Charles VI, atapitako yekha mu 1389, anamuchotsa pa udindowo. Wantchito wake wamkulu wa zachuma, Bétizac, anatenthedwa ku Toulouse chaka chomwecho. Ine ndimaona kuti amene amasirira mabuku ake ojambulidwa bwino popanda kufunsa kumene ndalama zinkachokera amudziwa theka lokha.

Zithunzi nazo ndi umboni, ndipo ndi bwino kuziyang'ana mwapafupi. M'buku lake la mapemphero lotchedwa Très Riches Heures, limene linajambulidwa ndi abale atatu a ku Limbourg, Paul, Herman ndi Jean, ndipo lero limasungidwa ku Musée Condé ku Chantilly, tsamba la mwezi wa Januwale likumuonetsa atakhala patebulo la phwando. Wavala mkanjo wabuluu ndi chipewa chaubweya, kumbuyo kwake kuli chotchinga moto chozungulira, tiagalu tiwiri tikuyenda pamwamba pa tebulo pakati pa mbale, ndipo pafupi pake pali chiwiya chagolide chopangidwa ngati ngalawa. Pansalu ya pamwamba pa mutu wake pali maluwa agolide a banja lachifumu pamodzi ndi zizindikiro zake ziwiri, chimbalangondo ndi mbalame yoyera ya khosi lalitali yonga tsekwe. Zizindikiro zimenezi zilembeni pakona pa pepala lanu, chifukwa ndi zimene zimathandiza kuzindikira katundu wake kulikonse kumene anamwazikira. Chimbalangondocho mudzachipezanso chitagona kumapazi a chifaniziro cha pamanda ake, chimene poyamba chinali m'kachisi amene anamanga ku Bourges, wotchedwa Sainte-Chapelle, koma chinasamutsidwira m'chipinda cha pansi pa tchalitchi chachikulu cha mzindawo mu 1757, kachisiyo atawonongeka.

Potsiriza, lembani chaka cha 1415 ndi kuona anthu angati a pa pepala lanu amene chinawakhudza. Jean anali ndi zaka 74 ndipo sanapite ku nkhondo ya ku Agincourt ya pa 25 Okutobala, komanso analangiza kuti mfumu isapiteko, pokumbukira zimene zinachitikira bambo ake ku Poitiers. Pa tsikulo Angerezi anagwira mkamwini wake Jean wa Bourbon, amene anafera ku London mu 1434 osaonanso kwawo. Anagwiranso mdzukulu wake Charles wa Artois, mwana wa Marie, amene anamasulidwa mu 1438, ndi Charles wa Orléans, amene anakhala ku England zaka 25 mpaka 1440. Philippe wa Nevers, mwamuna wa mdzukulu wake Bonne wa Artois, anaphedwa pomwepo. Marie anatsala akuyang'anira madera a Bourbon, mwamuna wake ndi mwana wake onse ali m'manja mwa adani.

Patatha miyezi isanu ndi itatu Jean anamwalira m'nyumba yake ya Nesle ku Paris, ali ndi ngongole zambiri, ndipo abale atatu ojambula aja anamwaliranso chaka chomwecho. Tsekani tsopano danga lanu la madera. Berry ndi Poitou zinabwerera ku banja la mfumu, ndipo Bourges unadzakhala malo othawirako Charles VII, mwana wa Charles VI, pamene Paris unali m'manja mwa adani ake. Auvergne inapita kwa Marie ndi ana ake a Bourbon. Boulogne inatsala ya Jeanne, amene anakwatiwanso mu 1416 ndi Georges de La Trémoille. Ngati pa pepala patsala mpata, tsitsani mzere wa Bonne ku Savoy mibadwo inayi, kudzera mwa Amédée VIII, Louis ndi Amédée IX mpaka kwa Charles I, pakuti m'nyumba ya Charles I ameneyu ndi momwe buku la mapemphero lija, limene linasiyidwa lili mapepala osasokedwa mu 1416, linamalizidwira ndi wojambula wa ku Bourges, Jean Colombe, cha m'ma 1485.